Madzi a Pachitsime Ayambe Apuma

Nkhani ya sayansi ya mlungu uno ikuchokera m'minda ya tiyi ya boma la Thyolo, ndipo ikukhudza chinthu chimene pafupifupi banja lililonse limachigwira m'maŵa uliwonse, ndicho madzi a pachitsime.

Anthu ambiri amayesa madzi ndi maso. Akaona kuti ndi oyera mbee, opanda fungo ndiponso ozizira bwino, amati madziwo alibe chilema. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi otuluka pansi pa nthaka amabwera atasenza mpweya wosaoneka wotchedwa carbon dioxide, umene ana a sukulu amaudziŵa ndi dzina lakuti mpweya woipa. Mpweya umenewu suvulaza munthu womwa madziwo. Koma umadya mapaipi a mjigo, umafoola nsomba za mlimi, ndipo umatha ndalama za anthu amene amaŵeta zamoyo za m'nyanja ya mchere m'mathanki agalasi. Anthu otsirizaŵa alifufuza vutoli mosamala kwambiri, chifukwa ziŵeto zao sizipirira cholakwa ngakhale chaching'ono. Zimene iwo apeza zingathandize mlimi wa nsomba wa ku Thekerani ndi mmisiri wa mijigo wa ku Bvumbwe.

Mpweya wodziŵika kale

Mpweya umenewu si wachilendo ayi. Ndi womwe uja umatuluka m'mphuno mwa munthu akamapuma, womwe umachititsa thovu pamwamba pa thobwa logonera ndi mumbiya ya moŵa wamasese, womwenso umachita phokoso botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi likatsekulidwa. Katswiri wa ku Scotland, Joseph Black, anaulongosola m'chaka cha 1754, ataona kuti miyala ya mtundu wa laimu ikatenthedwa imatulutsa mpweya wozimitsa moto. Mu 1772 Joseph Priestley wa ku England anafalitsa njira youloŵetsera m'madzi akumwa. Ndipo mu 1803 William Henry wa ku Manchester anapeza lamulo limene nkhani yonse ya lero yatsamirapo. Lamulolo likuti kuchuluka kwa mpweya wosungunuka m'madzi kumatsatira kuchuluka kwa mpweya womwewo pamwamba pa madziwo. Ukachuluka pamwamba, wambiri umaloŵa m'madzi. Madziwo akasamukira pamalo pamene mpweyawo ndi wochepa, umayamba kutuluka. N'chifukwa chake chakumwa cha m'botolo chikasiyidwa chosatseka chimasukuluka.

Mmene umaloŵera m'chitsime cha ku Thyolo

Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu yamalonda ku Mulanje mu 1891, ndipo anafika ku Thyolo mu 1908. Esiteti ya Satemwa, imene ili m'mphepete mwa phiri la Thyolo, inayambidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Lero munthu woyenda mumseu wochokera ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo, kenaka kutsikira ku Luchenza kapena kukhotera ku Makwasa, amaona zitunda zobiriŵira chaka chonse. Tiyi anakhazikika kumeneku pa zifukwa zitatu: mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, chiperoni chimene chimanyoŵetsa minda m'miyezi yozizira, ndi dothi lakuya lofiira limene lili ndi asidi. Zifukwa zomwezi ndizo zimaumba khalidwe la madzi a pansi.

Pansi pa tchire la tiyi pali moyo wochuluka. Mizu imapuma usana ndi usiku. Masamba ogwa ndi nthambi zodulidwa pa nyengo yothenera tiyi zimaola, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaziolotsa timapumanso. Zonsezi zimatulutsa carbon dioxide, ndipo popeza m'dothi simuomba mphepo, mpweyawo umaunjikana m'timipata ta nthaka. Mumlengalenga masiku ano mpweyawu wangopitirira pang'ono magawo 420 mwa magawo 1,000,000. M'dothi lachonde umachuluka kuŵirikiza ka 10 mpaka ka 100 kuposa pamenepo. Mvula ikamaloŵerera pansi imausungunula, monga lamulo la Henry linenera, n'kutsikira nao kumene zitsime zimatunga. Kumeneko mpweyawo ulibe potulukira. Madzi amene akhala pamtetete amasunga pafupifupi theka la miligalamu la mpweyawu pa lita imodzi, koma madzi a pansi angasunge mamiligalamu 20, 30, ngakhale oposa 50.

Carbon dioxide akasungunuka m'madzi amapanga asidi wofooka. Kumadera kumene kuli miyala ya laimu, monga ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, asidiyo amadya mwalawo pang'onopang'ono ndipo mbali ina ya mphamvu yake imathera pomwepo. Koma pansi pa Thyolo pali matanthwe olimba akalekale amene ali ndi laimu wochepa, ndipo dothi lake lasukuluzidwa ndi mvula kwa zaka zosaŵerengeka. M'malo otere madzi a pansi kaŵirikaŵiri amakhala ofeŵa, oti sopo amachita thovu msanga, komanso amakhala ndi asidi pang'ono. Komabe chitsime chilichonse chili ndi khalidwe lakelake, ndipo zitsime ziŵiri za m'mudzi umodzi zingasiyane. Pachifukwa ichi madzi amafunika kuyezedwa.

Muyeso wa asidi

Kapu ya tiyi wopanda mkaka ingathe kulongosola muyeso umenewu. Munthu akafinyiramo ndimu, tiyi uja amayezuka. Akathiramo soda pang'ono, wonga wophikira therere, tiyi amada bii. Ndimu ali kumbali ya asidi, ndipo soda ndi chidulo zili kumbali inayo. Mu 1909 katswiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, anakonza muyeso wa manambala wotchedwa pH. Nambala 7 ndiyo pakati. Kutsika kuchokera pamenepo ndiko kuchuluka kwa asidi, kukwera ndiko kupita kumbali ya soda. Kutsika ndi nambala imodzi yokha kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi.

Tiyi amakonda dothi la pH yapakati pa 4.5 ndi 5.5. Madzi a mvula yoyera ali pa 5.6, chifukwa cha carbon dioxide yemweyo wa mumlengalenga. Madzi a pamwamba a m'nyanja ya Malaŵi ali cha pa 8, ndipo a m'nyanja zikuluzikulu za mchere ali cha pa 8.1. Choncho madzi a chitsime amene ali pa 6 ali ndi asidi wochuluka pafupifupi ka 100 kuposa madzi amene nsomba za ku Mangochi kapena za ku gombe la Mozambique zinazoloŵera.

Zimene mpweyawu umaononga

Choyamba ndi chitsulo. Madzi a asidi amadya mapaipi ndi ndodo za mjigo, n'kuzisiya zadzimbiri ndi zobooka, ndipo madzi ake amamveka chitsulo m'kamwa. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, inayambira muno m'Malaŵi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev. Mapaipi ake okwezera madzi ndi apulasitiki, ndipo kumene madzi amadya zitsulo amisiri amaika ndodo zachitsulo chosachita dzimbiri. M'mafakitale ophikira tiyi ndi nthunzi, mpweya womwewu ukaloŵa mu boilala umakwera pamodzi ndi nthunzi, n'kusandukanso asidi pamene nthunziyo ikuzizira, ndipo umadya mapaipi obwezera madzi. Ichi ndicho chimodzi mwa zifukwa zimene amisiri a maboilala amayamba akonza madzi asanawaloŵetse.

Chachiŵiri ndi nsomba. Nsomba imapuma ngati nyama ina iliyonse. Imatenga mpweya wabwino wa okosijeni m'madzi, n'kutayamo carbon dioxide kudzera m'ziŵalo zake zopumira za m'mbali mwa mutu. Madzi akakhala atadzaza kale ndi mpweya woipawo, nsomba imalephera kutaya wake, magazi ake amachita asidi, ndipo sanyamulanso bwino okosijeni. Vuto limakula chifukwa madzi a pansi amakhalanso ndi okosijeni wochepa kwambiri. Mitundu yambiri ya nsomba imayamba kuvutika mpweyawu ukapitirira pafupifupi mamiligalamu 20 pa lita. Mlamba umapirira chifukwa umatha kumeza mpweya wa pamwamba, koma tiana ta makumba ndi chilunguni tikaikidwa mumgolo wa madzi ongotungidwa kumene pamjigo timakwera pamwamba, n'kumayasama kukamwa. Mlimi woona zimenezi angaganize kuti wagulitsidwa mbewu yodwala, pamene cholakwa chili m'madzi.

Nyanja ya m'galasi

Tsopano nkhani ifike kwa aja oŵeta zamoyo za m'nyanja ya mchere. M'mbali mwa nyanja zofunda, monga ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ku Mozambique, muli matanthwe amoyo otchedwa makorali. Pooneka ali ngati miyala yamaluŵa, koma amamangidwa ndi tinyama ting'onoting'ono tofeŵa timene timakhala m'magulu. Kanyama kalikonse kamatenga laimu wosungunuka m'madzi n'kudzimangira kachigoba, ndipo zigobazo zikaunjikana kwa zaka mazanamazana zimasanduka thanthwe. Lalikulu kopambana ndi Great Barrier Reef la ku Australia, lotalika makilomita pafupifupi 2,300. Asidi ndi mdani wa ntchito yomanga imeneyi, pakuti amasungunula laimu.

Kuŵeta zam'madzi m'galasi kunayamba kalekale. Nyumba yoyamba yoonetsera anthu nsomba zamoyo inatsekulidwa ku London Zoo mu 1853. Amalaŵi okhala ku South Africa ena aonapo Two Oceans Aquarium ya ku Cape Town, yotsekulidwa mu 1995, kapena uShaka Marine World ya ku Durban, yotsekulidwa mu 2004. Malo ameneŵa ali pagombe ndipo amatunga madzi m'nyanja momwemo. Koma munthu wokhala kutali ndi gombe, monga wa ku Thyolo, ayenera kudzipangira yekha madzi a m'nyanja. Amasungunula mchere wapadera wokonzedwera ntchitoyi, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Mchere wa m'ndiwo sungathandize, chifukwa ulibe laimu ndi zina zambiri za m'nyanja. Komanso tsiku ndi tsiku madzi a m'thanki amauma pang'ono kusiya mchere, ndipo mwiniwake amayenera kubwezeramo madzi opanda mchere.

Madzi oyambira ameneŵa ayenera kukhala oyeretsedwa kotheratu. Zotsalira za feteleza, zimene zingathe kuloŵerera m'zitsime zoyandikana ndi minda, zimameretsa ndere zimene zimaphimba makorali. Mchenga wosungunuka wotchedwa silika umadyetsa ndere zina zabulauni. Mkuwa, umene madzi a asidi amaukokolola m'mapaipi ndi m'mipopi, umapha makorali ndi nkhono ngakhale utachepa bwanji. Choncho oŵetaŵa amasefa madzi m'magawo aŵiri akuluakulu.

Gawo loyamba limatchedwa reverse osmosis. Madzi amakankhidwa mwamphamvu kuti apyole nembanemba yopyapyala imene imalola madzi koma imakaniza mchere wosungunuka. Nembanemba yoyamba yogwira bwino ntchito inapangidwa ndi Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan ku California cha m'ma 1960. Yabwino imachotsa magawo 95 mpaka 99 mwa 100 a zosungunuka. Makina a m'nyumba amataya malita 3 kapena 4 pa lita imodzi iliyonse yoyera, ndipo madzi otayidwawo ndi abwino kuthirira dimba. Gawo lachiŵiri ndi botolo lodzaza ndi timikanda tapadera totchedwa resin, timene timagwira zonse zimene zapulumuka pa nembanemba ija. Timikandati tili ndi malire. Tikakhuta timaleka kugwira, ndipo mitundu ina imasintha maonekedwe kuti mwini wake adziŵe. Timagulidwa kunja kwa dziko pa mtengo wokwera.

Msampha uli apa. Nembanemba ija imakaniza mchere, koma mpweya wosungunuka umangodutsa ngati mphepo pa ukonde. Kachipangizo kamagetsi koyezera mchere wa m'madzi nakonso sikauona bwino mpweyawu, kotero kamaonetsa kuti madzi ayera pamene mpweya wonse udakalimo. Madziwo akafika pa timikanda, kagawo ka mpweya kamene kasanduka asidi kamagwidwa. Pomwepo kagawo kena kamasanduka asidi kuloŵa m'malo mwake, n'kugwidwanso, mpaka mpweya wonse utathera pa timikanda. Mwachitsanzo, ngati madzi atuluka pa nembanemba ndi mamiligalamu 2 okha a mchere pa lita koma ali ndi mamiligalamu 30 a carbon dioxide, ntchito ya timikanda imachuluka koposa kakhumi. Botolo loyenera kutha miyezi ingapo limatha m'masiku oŵerengeka.

Mpweya umene ungafike m'thanki momwemo suchedwa kutuluka, chifukwa madzi a m'thanki ya makorali amavundulidwa ndi mapampu nthaŵi zonse. Choopsa chenicheni ndi timikanda totha mphamvu mwini wake asakudziŵa. Tikakhuta timayamba kulavula zina zimene tinagwira kale, makamaka silika, ndipo zimenezo zimakathera m'thanki. Palinso kuluza kwina. Oŵeta ambiri amathira madzi a laimu m'thanki kuti makorali apeze zomangira. Amene anaphunzira sayansi kusukulu akumbukira kuti munthu akauzira mpweya wake m'madzi a laimu, madziwo amayera ngati mkaka. Zomwezo zimachitika laimu akasungunulidwa m'madzi odzaza ndi carbon dioxide: mbali ina imasanduka choko n'kukhala pansi, makorali osapindula nayo.

Mankhwala ake ndi mphepo

Njira yochotsera mpweyawu ndi yosavuta, ndipo ikuchokera pa lamulo lija la Henry. Madzi akumane ndi mpweya wa panja, umene uli ndi carbon dioxide wochepa, ndipo wochulukayo adzatuluka yekha.

Poyamba mwini chitsime ayeze. Atunge madzi atsopano mosawakhavula, ayeze pH nthaŵi yomweyo ndi timapepala kapena madontho oyezera. Kenaka aike madzi ena m'chidebe panja, awapemerere ndi kapampu ka mpweya kapena awatsanuletsanule kuchokera m'chidebe china kupita m'chinzake kambirimbiri, n'kuyezanso. Ngati nambala yakwera, mwachitsanzo kuchoka pa 6.5 kufika pa 7.5, ndiye kuti m'madzimo munali mpweya wambiri, ndipo pafupifupi magawo 9 mwa 10 atuluka. Ngati nambala sinasinthe kwenikweni, vuto lake lili kwina, mwina nembanemba yang'ambika. Kuyezaku kuchitike pa madzi a chitsime asanasefedwe, chifukwa madzi oyeretsedwa kwambiri amanamiza zoyezera.

Akatsimikiza, aike mgolo pakati pa magawo aŵiri aja. Madzi otuluka pa nembanemba agwere mumgolo m'malo mopita molunjika ku timikanda. Pansi pa mgolo pakhale kamwala kotulutsa timathovu, kolumikizidwa ku kapampu ka mpweya. Madziwo apemereredwe usiku wonse, kapena tsiku lathunthu ngati mpweya ndi wochuluka, ndipo atatero kapampu ka madzi kawakankhe pang'onopang'ono kupyola timikanda. Malo ameneŵa ndiwo oyenera pa zifukwa ziŵiri. Madzi amene apyola nembanemba ndi ochepa poyerekeza ndi onse otungidwa, ndiponso alibe laimu woti angakhale pansi n'kutseka zosefera. Timathovu ting'onoting'ono timagwira ntchito koposa mathovu akuluakulu, ndipo mgolo wotakata kukamwa umaposa wopapatiza. M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chazizira, madzi amaumirira mpweya wao, choncho amafuna nthaŵi yotalikirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpweya wopemerera uchokere panja. Mpweya umene munthu amatulutsa popuma uli ndi magawo 4 mwa 100 a carbon dioxide, kuŵirikiza pafupifupi ka 100 kuposa wa pabwalo. M'chipinda chotseka mazenera, mogona anthu angapo kapena moyaka mbaula yamakala, mpweyawu umakwera kwambiri, ndipo kapampu kopopa mpweya wotero sikangatsitse wa m'madzi kufika poyenera. Kapaipi kodutsa pazenera kamathetsa vutoli.

Mgolo nawo usankhidwe mosamala. Ukhale wapulasitiki umene unasungirapo zakudya kapena madzi okha. Migolo imene munali mankhwala opopera mbewu, feteleza kapena dizilo, imene imapezeka yambiri kumadera a maesiteti, isagwiritsidwe ntchito ngakhale itatsukidwa motani. Pakamwa pake paphimbidwe ndi nsalu yoyera kapena neti, kuti mpweya uzituluka koma fumbi ndi udzudzu zisaloŵe.

Kumene madzi ofunika ndi ochuluka, amisiri amaimika paipi yaikulu yodzaza ndi timipira tapulasitiki. Madzi amadontha kuchokera pamwamba n'kumwazikana pa timipirato, pamene mpweya ukuuziridwa kuchokera pansi. Malo ambiri oyeretsera madzi a m'mizinda ndi a m'mafakitale padziko lapansi amagwiritsa ntchito njira yomweyi. Ndipo magetsi akazima ntchito siiyenera kuima. Chitini chobooledwa timabowo tambirimbiri, chopachikidwa pamwamba pa mgolo, chimagwetsa madzi ngati mvula, ndipo kubwereza kangapo kumachotsa mpweya wambiri.

Pali zina zimene sizithandiza. Nsalu, mchenga ndi makala osefera zimachotsa litsiro ndi fungo, koma carbon dioxide amadutsa. Kuŵiritsa kumauchotsa ndithu, koma nkhuni zoŵiritsira malita 100 mlungu uliwonse zingathe nkhalango. Palinso chenjezo la madzi achitsulo. Amayi ambiri akudziŵa madzi amene amatuluka oyera pamjigo koma akagona m'ndowa amadzuka ofiira. Chitsulo chosungunuka ndicho chakumana ndi okosijeni n'kusanduka dzimbiri. Chitsulo chotere chimatseka nembanemba, choncho madzi a mtundu umenewu ayambe apemereredwa, adikha, ndi kusefedwa asanafike pa makina.

Phunziro kwa mlimi ndi woŵeta mbuna

Malaŵi ali ndi nsomba zakezake za m'galasi. M'nyanja ya Malaŵi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anaikidwa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse wa UNESCO mu 1984. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant, amene anakhazikika pa Kambiri kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima, ankatumiza mbuna zamoyo ku maiko akunja. Mbuna zinazoloŵera madzi a pH cha pa 8. Woziŵeta ndi madzi a chitsime cha kumapiri safunika makina onse aja, koma ayenera kupemerera madziwo usiku umodzi asanawathire, ndi kuika m'thanki miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono zosinja kuti asidi asabwerere.

Mlimi wa nsomba za m'maiŵe, amene ndi ambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba, angachite chimodzimodzi popanda kugula kanthu. Madzi a kasupe asaloŵe m'dziŵe mwakachetechete kudzera m'paipi yomira. Ayende mumfuleni wosaphimba, agwe pa timasitepe tamiyala, aloŵe akuthovoka. Potenga mbewu ya nsomba, madzi a mumgolo akhale a m'dziŵe kapena otungidwa dzulo lake ndi kutsanulidwatsanulidwa. Dziŵe lokumbidwa m'dothi la asidi limafuna laimu wa m'munda, ndipo muyeso wake afunse kwa alangizi a za nsomba a m'boma lao kapena ku likulu la ulimi wa nsomba la Domasi. Adziŵenso kuti m'dziŵe lobiriŵira carbon dioxide amachuluka m'bandakucha, chifukwa ndere zimamudya masana pokha, ndipo usiku zonse za m'madzi zimangopuma. Nthaŵi yoyendera dziŵe ndi imeneyo.

Machenjezo aŵiri

Loyamba ndi lakuti kupemerera madzi sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika mu 2023. Madzi akumwa aziŵiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini monga a zaumoyo amalangizira. Koma kolorini yemweyo amapha nsomba ndipo amaononga nembanemba yosefera, choncho madzi a banja ndi madzi a nsomba asasakanizidwe.

Lachiŵiri likupita kwa okumba ndi olambula zitsime. Carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba, pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo amakhazikika pansi pa dzenje lakuya. Alibe fungo lochenjeza. Munthu wotsikiramo angakomoke m'kanthaŵi kochepa, ndipo mnzake wotsikira kukamupulumutsa angagwerenso pomwepo. Nyali yotsitsidwa ndi chingwe ikazima, ndiye kuti pansipo palibe mpweya wopuma. Ngakhale itapitiriza kuyaka, chitsime chiyambe chapemereredwa, wotsikayo amangidwe chingwe m'chiuno, pamwamba pakhale anthu omugwira, ndipo injini yopopera madzi isatsitsidwe m'dzenje. Ukali wa mpweyawu unaoneka ku Cameroon pa 21 August 1986, pamene nyanja ya Nyos inatulutsa mwadzidzidzi carbon dioxide amene anaunjikana pansi pake, n'kupha anthu oposa 1,700 m'midzi yozungulira. Kuyambira mu 2001 akatswiri anaika mapaipi okweza madzi a pansi kuti azitaya mpweya wao pang'onopang'ono. Nzeru yake ndi yomweyo ya mgolo ndi kapampu.

Lamulo la Henry likugwiranso ntchito pa nyanja zenizeni. Pamene Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, carbon dioxide anali pa magawo pafupifupi 315 mwa 1,000,000. Lero wapitirira 420, makamaka chifukwa chootcha malasha ndi mafuta ndiponso kutha kwa nkhalango. Nyanja za mchere zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mpweya umene anthu amatulutsa, ndipo pH yake yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1 chiyambire nyengo ya mafakitale. Mwini thanki angathe kuchotsa mpweya m'madzi ake chifukwa wa panja ndi wochepa kuposa wa m'chitsime. Makorali a ku Bazaruto alibe mwaŵi umenewo, pakuti madzi ao amatsatira mlengalenga momwemo, ndipo adzapepukidwa pokhapokha utsi wopita kumwamba utachepa.

Omvera, mfundo yoti isungidwe ndi iyi. Madzi ongotuluka pansi asaperekedwe kwa nsomba kapena kwa makina osefera nthaŵi yomweyo. Ayezedwe, agwe ngati mvula kapena apemereredwe ndi mpweya wa panja, agone usiku umodzi, ayezedwenso. Nkhani ya mlungu uno yathera pamenepa.